Mafunso ndi mayankho pa ntchito yofufuza ma black hole obisika

Chiyambireni pamene gulu lathu la okonda za nyenyezi kuno ku Zomba linayamba kuuza anthu za ntchito ya Black Hole Hunters, yofufuza ma black hole (zinthu za m'mlengalenga zokhala ndi mphamvu yokoka yaikulu kwambiri moti ngakhale kuwala sikungatulukemo), ena akhala akufika Loweruka m'mamawa atanyamula ziphaso za unzika ndi masatifiketi mu envulopu, poganiza kuti tikulemba anthu ntchito. Tayankha pano zimene zikufunsidwa kwambiri.

Kodi pali malipiro kapena alawansi?

Ayi, ndipo tikupempha kuti izi zimveke bwino. Ntchitoyi ili pa Zooniverse, malo a pa intaneti pamene anthu amathandiza akatswiri a sayansi mongodzipereka. Gulu lathu silinalandire ndalama kuchokera kwa wina aliyense, silitolera mayina, ndipo silinalonjezepo laputopu ngakhale imodzi. Tikuvomereza kuti bandulo imadula, ndiponso kuti amene amachokera kutali, monga ku Domasi kapena ku Thondwe, amawononga ndalama ya thiransipoti. Dandaulo limenelo ndi lomveka, komabe sitingalonjeze kubweza ndalama zimene tilibe. Aliyense amene angakuuzeni kuti mulipire kuti akulembetseni sanatumidwe ndi ife.

Ndani angachite nawo?

Aliyense amene ali ndi foni kapena kompyuta ya intaneti.

Chinthu chosaoneka mungachipeze bwanji?

Black hole ikakhala kuti sikumeza mpweya wa nyenyezi inzake, imakhala chete, yosawala. Koma ikamazungulirana ndi nyenyezi ina n'kudutsa kutsogolo kwake, mphamvu yake yokoka imapinda kuwala, ndipo nyenyeziyo imaoneka ngati yawala kwambiri kwa kanthawi. Pa sikirini mumaona mzere wa timadontho tosonyeza kuwala kwa nyenyezi, tochokera ku TESS, chombo chimene bungwe la ku America loona za m'mlengalenga la NASA linatumiza m'mlengalenga mu 2018, ndipo mumayang'ana kaphiri kokwera ndi kutsika mofanana mbali zonse. Neutron star imachitanso chimodzimodzi. Imeneyi ndi chotsalira cha nyenyezi yaikulu imene inaphulika, cholemera kuposa dzuwa, chonsecho m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 20, osakwana theka la mtunda wochoka ku Zomba kukafika ku Blantyre.

Zinthu zotere zinapezekapo kale?

Inde, ngakhale kuti mwa njira ina. Chombo cha Gaia chinaona nyenyezi zikugwedezeka ngati zikukokedwa ndi mnzake wosaoneka. Umu ndi mmene inapezekera black hole yotchedwa Gaia BH1 mu 2022, ndi Gaia BH3 mu 2024, yomwe ikulemera pafupifupi ka 33 kuposa dzuwa.

Ndikaona kaphiri, ndiye kuti ndapeza black hole?

Nthawi zambiri ayi. Nyenyezi zimathwanima pa zifukwa zambiri, ndipo ngakhale akatswiri amaphonya: mu 2020 analengeza kuti m'gulu la nyenyezi lotchedwa HR 6819 muli black hole, koma mu 2022 zinatsimikizika kuti ndi nyenyezi ziwiri chabe. Chifukwa chake chithunzi chimodzi chimaonedwa ndi anthu angapo chisanapite kwa akatswiri.