Khonsolo ikafuna kugwetsa mtengo wa pamsewu wanu

Mtengo umene uli pakati pa mpanda wanu ndi msewu si wanu, ngakhale munaubzala nokha n'kumauthirira mpaka kukula. Malo amenewo ndi a msewu. M'misewu ya m'malokeshoni mwini mphamvu ndi khonsolo ya mzinda, pamene misewu ikuluikulu monga M1 ili m'manja mwa Roads Authority. A ESCOM nawo amasadza nthambi zimene zayandikira mawaya a magetsi. Choncho anthu akafika ndi makina odulira, afunseni mwaulemu amene wawatuma, ndipo akuonetseni chikalata. Thunthu la mbawa yokhwima ndi matabwa a ndalama zambiri, ndiye si aliyense wotchula dzina la khonsolo amene wachokeradi kumeneko.

Vuto la ambiri ndi kuchedwa. Mu 2021, ntchito yokuza msewu wa Kenyatta ku Lilongwe itayamba, mitengo yambiri ya m'mbali mwake inagwetsedwa, ndipo madandaulo anamveka kwambiri zikuni zili kale pansi. Pa ntchito zazikulu chonchi, nkhani ya mitengo imagamulidwa pojambula mapulani. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zoterezi ziyambe zaunikidwa mmene zingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA ndilo limayang'anira zimenezi. Mukangoona zikhomo zakhomedwa m'mbali mwa msewu kapena penti pa makungwa, nthawi yolankhula ndi yomweyo.

Ukakhala mtengo umodzi, chifukwa chimene amapereka kawirikawiri n'chakuti ungagwere anthu. Nthawi zina n'zoona, ndipo mukhoza kudzionera nokha. Yambani pansi. Ngati dothi latukuka kapena lang'ambika mbali imodzi ya tsinde, mtengowo n'kupendekera mbali inayo, ndiye kuti mizu yayamba kuzuka. Umenewo musaulimbire, ugwetsedwe mvula isanabwere. Bowa wouma wonga mbale amene wamera pa tsinde amasonyeza kuti mkati mukuola. Gogodani thunthu ndi nyundo ya mtengo: lolimba limalira mogontha, la mphako limalira ngati ng'oma. Kenako kwezani maso pa mphanda. Nthambi ziwiri zikuluzikulu zikakula mothinana, khungwa n'kupindikira mkati, pamenepo ndi pamene pamang'ambika kukaomba chimphepo.

Koma pali zambiri zimene zimaopsa maso chabe. Mtengo umene unakula chopendekera kuyambira uli waung'ono, pofuna dzuwa, unalimbitsa kale mizu yake. Mphako yaying'ono si imfa ya mtengo ngati thabwa lozungulira mphakoyo lili lochindikala. Jakaranda akayoyola masamba m'chilimwe sanaume ayi. Kandani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo, mukapeza zobiriwira ndiye kuti ngwamoyo. Chiswe chimene chamata dothi pa khungwa nthawi zambiri chimadya zakufa za kunja zokha. Nthambi youma imodzi imafuna kudulidwa yokhayo, osati mtengo wonse.

Chimene chimapha mitengo yambiri ya m'tauni ndi khasu. Mizu yochuluka imakhala m'masentimita 60 oyambirira a dothi ndipo imayala kutali kuposa pamene nthambi zalekezera. Okumba ngalande kapena mzere wa mapaipi akadutsa pafupi ndi tsinde, amadula mizu yogwira mtengo, ndipo patapita zaka ziwiri kapena zitatu mtengo uja umayamba kuuma kunsonga, kenako n'kutchedwa woopsa. Muyeso umene akatswiri ambiri amatsata ndi uwu: yezani kunenepa kwa thunthu kuchokera mbali ina kufika ina, muchulukitse ka 12. Thunthu la masentimita 50 likufuna mamita 6 kuchokera pa tsinde, mbali zonse, osakumbidwa ndi makina. M'misewu yathu yopanikizika malo otero sapezeka nthawi zonse, komabe kukumba ndi manja n'kudutsitsa paipi pansi pa mizu ikuluikulu kumapulumutsa mtengo.

Kudula mutu wonse wa mtengo, kumene ena amati ndi kuuchitira chifundo, n'koipa kwambiri. Mabala aakuluwo satseka, madzi amalowa, ndipo mphukira zimene zimatuluka zimangogwira pa khungwa, n'kumathyoka zikalemera. Pa chaka chimodzi, masamba ochotsedwa asapose gawo limodzi mwa magawo anayi.

Dandaulo la pakamwa limatha ndi mphepo. Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, ina mupatse khansala wa dera lanu. Tchulani msewu, nambala ya poloti imene mtengowo wayang'anana nayo, mtundu wake, ndipo muikepo zithunzi za tsinde, thunthu ndi nthambi. Funsani amene anauyeza, zimene anapeza, ngati kusadza sikungakwane, komanso kumene chikunicho chipite. Anzanu oyandikana nawo asaine. Kope lanu alidinde pa tsiku lomwe mwapereka. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha zikalata zotere, ndipo akangokhala chete, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo okhudza maofesi a boma. Kuimirira kutsogolo kwa makina sikuthandiza. Anyamata odulawo angotumidwa.

Mtengo ukagwa kale, nkhani imatsala pa chitsa ndi pa mbande. Zitsa za malaina, keshya ndi bulugamu zimaphukanso mphukira zambirimbiri zosalimba, choncho pemphani kuti chizulidwe. Musachiotche, chifukwa moto umayenda ndi mizu pansi mpaka pa mapaipi a pulasitiki. Pemphaninso chilolezo cholembedwa chobzala wina, ndipo mufunse a Water Board pamene padutsa paipi. Pansi pa mawaya musaikepo mbawa kapena bulugamu, mudzabwereza mlandu womwewo. Pamafunika mtengo wosatalika. Mtengo waukulu utalikirane ndi khoma la nyumba mamita osachepera 5.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December kufika pa 15 April, koma mbande yobzalidwa mu December kapena January ndiyo imapeza mvula yokwanira. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi ndi kuya komwe, pambali pa chitsa chakale, musakanize dothi lapamwamba ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana. Chotsani chubu, ndipo musakwirire tsinde kupitirira pamene dothi la m'chubu linalekezera. Phimbirani ndi udzu wosakhudza tsinde kuopa chiswe, mutchinge ndi nsungwi chifukwa cha mbuzi ndi ana a sukulu. Mbande zambiri za m'misewu zimafa mu September ndi October wa chaka choyamba. Ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata, m'zilimwe ziwiri zoyambirira, ndi yokwanira, ndipo mugwirizane pamsewupo kuti wothirira ndi ndani.