Mwachokera ku Beira ndipo thupi latentha? Musati ndi chimfine

Chaka chilichonse, tchuthi cha Khrisimasi chikangotha, ndimamva mawu amodzimodzi m'chipinda choonera odwala kuno ku Harare: "Asisita, ndi chimfine chabe, mphepo ya kunyanja inandiwomba." Ndikafunsa kuti nyanja yake iti, m'pamene munthu amaulula kuti masabata awiri apitawo anali ku Beira, m'dziko la Mozambique, wina kokasambira ku gombe la Macuti, wina kokapikula mabelo a kaunjika, wina kokadikira katundu padoko ndi thiraki yake. Pakamwa panga patopa, komabe ndinenanso: munthu wochokera ku Beira akatentha thupi, timamutenga kuti ali ndi malungo mpaka magazi atatsutsa.

Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo udzudzu wofalitsa malungo sukhazikika kuno. Beira inamangidwa pachidikha, pamene mtsinje wa Pungwe umathirira m'nyanja, kotero mvula ikagwa madzi amadikha m'ngalande ndi m'madambo kwa masiku ambiri. Amene anaona mzindawu namondwe wa Idai atadutsa mu Malichi 2019, kolera n'kutsatira pambuyo pake, akudziwa zimene ndikunena. Mlendo amaona mchenga ndi nsomba zootcha, koma udzudzu umene umamuluma usiku ali pakhonde umamusiyira tizilombo timene timayamba tabisala m'chiwindi. N'chifukwa chake matendawa saonekera msanga. Amatenga sabata imodzi kapena awiri, nthawi zina mwezi, munthu ataiwala kale za ulendo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti ife ochokera ku Malawi ndi amene timadzinamiza koposa. Timati tinakulira m'malungo, thupi linazolowera. Zoona, munthu wokhala ku Nsanje kapena ku Salima, amene amalumidwa chaka ndi chaka, amakhala ndi kachitetezo kena m'thupi, koma kachitetezoko kamazirala akakhala zaka zingapo kumalo kopanda malungo. Ana athu obadwira kuno ku Harare, ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Highfield, alibiretu n'komwe.

Pali bambo wina amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anali dalaivala wa thiraki, wamphamvu zake, woyenda msewu wa ku Beira wodzera ku Mutare ndi ku Machipanda kwa zaka zambiri. Atabwerako ulendo wina anayamba kuphwanya m'thupi ndi kuzizidwa, ndipo anamwa panado. Thupi linazizira, iye n'kuganiza kuti wachira, osadziwa kuti malungo amatero, amabwera ndi kupita. Tsiku lachitatu anapita pachipatala china chaching'ono, kumene anamupatsa mankhwala a chifuwa. Palibe amene anamufunsa kumene wayenda, iyenso sananene. Atayamba kubwebweta usiku, achibale anati wina wamuponyera chifukwa cha ndalama za ulendo, ndipo anapita naye kwa mneneri amene anamupatsa madzi a m'botolo ndi kuuza banjalo kuti lidikire masiku atatu. Pofika kwa ife maso anali achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, impso zitayamba kale kufooka. Mkazi wake anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Asisita, bambo a kunyumba sadwaladwala, chachitika n'chiyani?" Kachipangizo koyezera malungo kanaonetsa mizere iwiri, kusonyeza kuti ali nawo, pasanathe mphindi 20. Kuyeza komweko kukanachitika tsiku loyamba, mapiritsi a masiku atatu akanakwanira. Tinamubaya artesunate, mankhwala a malungo aakulu, tinayesetsa, koma sanafike m'mawa wachiwiri.

Sindiletsa munthu kupemphera, inenso ndimapemphera. Chimene ndimakana ndi munthu amene amaona wodwala akubwebweta, akukomoka kapena akusanza chilichonse, iye n'kunena kuti dikirani. Malungo a mtundu wa falciparum, omwe ndi ofala ku gombe la Mozambique, amatha kufika ku ubongo m'masiku ochepa, ndipo kubwebweta kumene mukukutcha mizimu ndi chizindikiro chakuti afika kale. Chimodzimodzinso ogulitsa mapiritsi m'zikwama pamsika: chloroquine anasiya kalekale kugwira ntchito pa malungo amenewa, ndipo mapiritsi okhalitsa padzuwa simungadziwe mphamvu yake.

Mankhwala enieni ndi Coartem, amene kumudzi timawatcha LA. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, pamodzi ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono kapena mkaka kuti alowe bwino m'magazi. Kusiyira panjira n'kusungira mwana otsalawo ndiko kuwaitananso malungo. Mukadwala muli ku Beira komweko, musadikire kuti mukaonana ndi dokotala wa kwanu mukawoloka malire a Forbes kulowa m'Zimbabwe. Zipatala za kumeneko zimayeza malungo tsiku ndi tsiku kuposa ife, ndipo Chipwitikizi chikakuvutani, Chisena chimamvekako kwa wolankhula Chichewa. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono aonane nafe ulendo usanayambe kuti tikambirane za mankhwala oteteza, ndipo neti ilowe m'chikwama ngakhale mukukagona kuhotela.

Mukafika pachipatala kuno ku Harare, musadikire kufunsidwa, chifukwa namwino amene waona anthu a chimfine tsiku lonse akhoza kuiwala. Musanakhale n'komwe pampando, nenani kuti munali ku Beira, tchulani tsiku limene munabwerako, ndipo pemphani kuti akuyezeni malungo. Akapanda kuwapeza koma thupi likutenthabe, bwereraninso mawa lake akakuyezeninso.