Chithunzi chabwera mbozi itakhuta kale

Foni yanga ikalira mu Januwale ndimadziwiratu zomwe ndikapezemo: chithunzi cha chimanga chong'ambikang'ambika ngati chagwidwa ndi matalala, m'munsi mwake mawu akuti, "Alangizi, tithire chiyani?" Funsoli landitopetsa, ndinene mosabisa. Limafika mbozi itakula ngati chala chakankombaphala, italowa mumtima mwa chimanga, ndowe zake zitadzaza kunsonga ngati utuchi. Pamenepo ngakhale foni yanu ikhale ya ndalama zingati, nkhondo yapita kale patali.

Mbozi zimenezi ndi ntchemberezandonda, ndipo za mtundu uwu kwawo ndi ku America. Zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma linali litalengeza kuti maboma 20 mwa 28 a m'Malawi muno ali pangozi chifukwa cha mbozizi. Zaka zonsezi takhala nazo limodzi, koma anthu akuzithirabe mankhwala ngati zabwera dzulo. Gulugufe wake amauluka usiku, amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi patsamba, ndipo kunja kukamatentha amaswa m'masiku awiri kapena atatu okha. Timbozi tikangoswa timapala tsamba n'kusiya timawindo toonekera ukaliyang'anitsa kudzuwa. Chithunzi chimene ndimafuna ine ndi cha timawindo timeneto. Pakatha masabata awiri mbozi yakhwima, ikukonzeka zotsikira m'dothi, ndipo mankhwala anu akungosambitsa masamba.

Zipangizo zilipo, sindikukana, ndipo ine ndemwe ndimazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. PlantVillage Nuru, pulogalamu ya pa foni, imayang'ana tsamba kudzera pa kamera ya foni n'kukuuzani ngati zizindikirozo zili za mbozi imeneyi, ngakhale kumene kulibe netiweki. Ulangizi, pulogalamu yoyankha mafunso a alimi yomwe bungwe la Opportunity International linabweretsa pa WhatsApp, imayankha m'Chichewa potsata malangizo a Unduna wa Zaulimi. Amene ali ndi kafoni ka mabatani akhoza kuimba 321 pa Airtel, kapena kufunsa ku Mlimi Hotline ya Farm Radio Trust. Mlangizi mmodzi sangapondepo munda uliwonse m'sabata imodzi pa njinga yakapalasa, choncho izi zatipepuzira ntchito kwambiri. Koma palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chingalowe m'munda mwanu mamawa n'kutembenuza tsamba. Kuyendera munda ndi kwanu: kamodzi kapena kawiri pa sabata chimanga chikangomera, muziyenda mokhotakhota, muime malo asanu, paliponse muone mapesi khumi.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Anali mlimi wakhama, wa munda wosafika ekala, chimanga chobzala ndi mvula yoyamba, feteleza wothira pa nthawi yake. Timawindo anationa, anandiuza yekha pambuyo pake. M'malo monditumizira chithunzi, anamvera uthenga wa mawu umene unkazungulira pa gulu lawo la WhatsApp. Bambo wina wosadziwika dzina, wolankhula molimba mtima ngati dokotala, ankati musakanize sopo waufa, parafini pang'ono ndi mankhwala a thonje, mbozi zifa tsiku lomwelo. Mankhwalawo mayiyu anagula pamsika, othiridwa m'kabotolo ka zakumwa, opanda chizindikiro chilichonse. Anapopera masana dzuwa lili paliwombo, wopanda chotseka kukamwa, atavala chitenje ndi patapata.

Nditafika patatha sabata, masamba anali atapsa m'mbali ngati adutsidwa ndi moto wolusa. Ndinatsegula nsonga ya phesi limodzi: mbozi ili phee, yonenepa, chilembo chake cha Y wozondoka pamutu, timadontho tinayi kumchira. Yamoyo. Mayiyo anandionetsa manja otuluka zidzolo, n'kunena motsitsa mawu, "Alangizi, ndimaopa kukuvutitsani." Nambala yanga anali nayo mufoni momwemo, pafupi ndi uthenga wa bambo uja.

Anthu otumiza mauthenga oterewa ndi amene akutiphera ulimi. Uthenga ukalembedwa kuti watumizidwa kambirimbiri, musaone ngati ndiye kuti ndi woona. Bodza limayenda msanga chifukwa silinyamula katundu. Mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo, amabwera m'botolo lake lomata, lolembedwa dzina, mlingo ndi tsiku lotha mphamvu. Wogulitsa akayamba kukuyezerani ndi kachivindikiro, nyamukani. Ndipo mukamafunsa pa foni, kaya kwa ine kaya kwa makina, jambulani chizindikiro cha pabotolo musanatsegule, osati mutathira kale theka.

Chimene ambiri sachimvetsa n'chakuti ubwino wa foni pa nkhaniyi ndi kutithandiza kupopera mochepa. Mukaona mbozi ikadali yaing'ono, pa munda wa theka la ekala mukhoza kuphwanya mazira ndi chala, kutola timbozi, kuthira dothi kapena mchenga kunsonga, kapena kugwiritsa ntchito nimu. Alimi ena amathira msuzi wa usipa kuti uitane nyerere zidzadye mbozi. Nyerere zomwezo, mavu ndi tizilombo tina todya mbozi ndi antchito anu osalipidwa, ndipo mukapopera mankhwala amphamvu mwachisawawa ndi iwo amene amayamba kufa. Mbozi yobisala mumtima mwa chimanga imatsala, ana ake n'kumazolowera mankhwalawo, chaka chamawa mugula mabotolo awiri m'malo mwa limodzi. Zotsukira sipuleya zimathera kudambo kumene ana amakawedza.

Ngati kupopera kwafunikadi, poperani m'mawa kwambiri kapena chakumadzulo, mulunjike kunsonga, ndipo musabwereze mtundu umodzimodzi wa mankhwala nyengo yonse.

Za chithunzi, chonde: pukutani kamera ndi nsalu, fikani pafupi, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Jambulani tsamba pamwamba ndi pansi, kenako kunsonga. Lembani tsiku lomwe munabzala ndi mapesi angati mwa 50 amene mwawapeza ogwidwa. Chithunzi cha munda wonse chojambulidwa muli kumsewu sichindiuza kanthu, kupatula kuti muli ndi munda.

Mayi uja anakolola matumba osakwana theka la omwe ankayembekezera. Pa gulu lawo la WhatsApp anandilowetsamo, ndipo uthenga wa bambo uja ndauonanso chaka chino, mawu omwewo, parafini yemweyo.