Mwana wa m'kwaya ndi chinsinsi chake: mabuku amenewa amakamba chiyani?

Ntchito yanga ndi yosankha mabuku oti achinyamata aziwerenga, ndipo kuno ku Mzuzu makolo amandifunsa kawirikawiri za nkhani zopeka zochokera kunja zokamba za mnyamata wachikhristu amene mtima wake wagwa pa mnyamata mnzake, kapena mtsikana pa mtsikana mnzake. Ambiri amangoti ndi zolaula. Koma mukatsegula, mupeza kuti masamba ambiri atha ndi mapemphero.

Mabuku a achinyamata okhudza chikondi chotere adayamba kutuluka ku America cha m'ma 1969, koma olowetsamo tchalitchi mozama adachuluka pambuyo pa chaka cha 2000. Limodzi mwa odziwika kwambiri ndi The God Box la Alex Sanchez, la mu 2007. Paul, wophunzira wa kusekondale ku Texas, ali ndi chibwenzi chachikazi, saphonya gulu lophunzira Baibulo pasukulu, ndipo amalemba mapemphero ake patimapepala n'kumaponya m'kabokosi. Pempho lake ndi limodzi: Mulungu amusinthe. Kenako kumabwera Manuel, amene sabisa za momwe alili komanso sasiya kudzitcha Mkhristu. Awiriwa amatsutsana pa Genesis 19, Levitiko 18:22 ndi Aroma 1, mavesi omwewa amene timamva paguwa ku Katoto kapena ku Chibavi.

Apa ndi pamene ndimafuna makolo amvetse. Mwana wa m'nkhanizi si woukira. Ndi uja wofika msanga ku kwaya, wosala kudya, wolira usiku kuti, "Ambuye, ndichotsereni chimenechi." Mantha ake aakulu ndi oti Mulungu amutaya, ndipo amayi ake akadziwa sadzamuyang'ananso. Olemba ambiri amalola mwanayo kudzifotokozera yekha nkhani yake, kuti wowerenga asathe kumuonera patali.

Mathero amasiyana. Ena amakhalabe m'chipembedzo, ena amachoka. Mu The Miseducation of Cameron Post la Emily Danforth, la mu 2012, mtsikana wamasiye wa ku Montana amatumizidwa ndi azakhali ake kumalo achikhristu oti akamuwongole, ndipo bukuli limaonetsa mabala amene ana amatuluka nawo kumeneko. Limeneli ndi la achinyamata okulirapo, muli zachikondi ndi zosuta zosayenera mwana wa Fomu 1. Chofooka cha mabuku ena amtunduwu n'chakuti abusa amajambulidwa ngati ankhanza okhaokha, zimene si chilungamo kwa abusa ambiri odekha amene ndikuwadziwa.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa ku Texas. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende kwa mwamuna wogonana ndi mwamuna mnzake, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidati lamulolo likhalebe. Mwana amene akuvutika mumtima amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sauza ngakhale alangizi akutchalitchi.

M'mashelefu athu mabukuwa sapezekapezeka, koma pafoni ana amawapeza. Mukaona mwana wanu akuwerenga, musathamangire kulanda foni kapena kuganiza kuti mwadziwa zonse za iye, chifukwa ambiri amawerenga pofuna kumvetsa mnzawo wa m'kalasi. Liwerengeni kaye inuyo mpaka kumapeto, kenako mumufunse kuti ndi munthu uti m'nkhanimo amene wamumvera chisoni, ndipo chifukwa chiyani.