Msewu wa kunyanja ukatsekedwa, si kuti wagulitsidwa

Dzinja lililonse uthenga uwu umabweranso m'magulu a WhatsApp: akuti msewu wopita kunyanja kapena kumtsinje watsekedwa chifukwa akuluakulu agulitsa malowo kwa mwini loji, ndipo khonsolo ilibe mphamvu zotsekera msewu wa anthu onse.

Mphamvuzo zilipo ndithu. Misewu ikuluikulu monga M1 ndi M5 imayang'aniridwa ndi Roads Authority, ing'onoing'ono ya m'maboma ili m'manja mwa makhonsolo, ndipo msewu ungatsekedwe kwa kanthawi ngati miyoyo ili pachiswe. Madzi osefukira amakokolola dothi kunsi kwa phula kapena m'mbali mwa mlatho, pamwamba n'kumaoneka bwinobwino mpaka lole italoweramo. Tinaziona kum'mwera mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy. Kutseka kotere sikusintha umwini wa malo.

Musanakhulupirire, onani tsamba la Roads Authority kapena la khonsolo, apo ayi funsani apolisi apamsewu kapena khansala wanu. Chidziwitso chenicheni chimatchula malo ndi chifukwa chake, kawirikawiri ndi njira yolambalala yomwe. Chithunzi nacho chisakupusitseni, nthawi zina chimakhala cha chaka china. Uthenga wopanda tsiku ndi dzina la ofesi youtulutsa, chonde musautumize kwina.