Momwe nkhanza za m'banja zinasandukira chifukwa chokanira viza ya ukwati ku Australia

Munthu wa dziko lina akakwatirana ndi nzika ya Australia, kapena akamakhala nayo ngati banja, amayenera kupempha viza ya ukwati, yomwe imaperekedwa m'magawo awiri: yoyamba ndi ya kanthawi, ndipo pakatha pafupifupi zaka ziwiri boma limayang'ananso ngati banjalo lidakalipo lisanapereke chilolezo chokhala mpaka kalekale. Ambiri amaganiza kuti chachikulu ndi kutsimikizira kuti ukwatiwo ndi weniweni, koma pali chipata china chomwe chatsekereza anthu amene ukwati wawo sunakayikiridwe ngakhale pang'ono. Chipatacho ndi gawo 501 la lamulo loyang'anira olowa ndi otuluka m'dzikolo, Migration Act ya chaka cha 1958, lomwe limapatsa nduna mphamvu yokana kapena kulanda viza ya munthu amene khalidwe lake silikukwanira pa muyezo wa boma.

Muyezowu uli ndi mbali zingapo, koma yodziwika kwambiri ndi yakuti munthu amene anagamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposerapo walephera basi. Kumapeto kwa chaka cha 2014 nyumba ya malamulo inakhwimitsa gawoli, ndipo kuyambira pamenepo viza ya munthu wotere amene ali m'ndende imalandidwa mosafunsa, iye n'kutsala ndi ntchito yochonderera kuti imubwerere. Munthu angathenso kulephera popanda chilango chachikulu chotero, ngati machitidwe ake akale ndi atsopano akusonyeza kuti si wa khalidwe labwino, kapena kuti angadzazunze wina m'dzikomo. Komabe kulephera muyezo si mapeto, chifukwa wogamula amayenera kuyesa zifukwa za mbali zonse, ndipo momwe ayesere amauzidwa ndi malangizo amene nduna imalemba. M'malangizo amenewa ndi momwe muli mbiri yeniyeni ya nkhaniyi.

Kwa zaka zambiri nkhanza za m'banja zinkaonedwa ngati mlandu wina uliwonse wovulaza munthu, ndipo malamulo a viza ankazitchula makamaka poteteza wozunzidwa. Kuyambira mu 1991, mlendo amene wazunzidwa ndi nzika yomwe inamuitanitsa angathe kulandira chilolezo chokhazikika ngakhale banja litatha, kuti asapirire zibakera poopa kubwezedwa kwawo. Maganizo a dziko anasintha kwambiri mu February 2014, pamene mnyamata wa zaka 11, Luke Batty, anaphedwa ndi bambo ake pabwalo la masewera m'chigawo cha Victoria. Mayi ake, Rosie Batty, anayamba kulankhula poyera, ndipo mu 2015 anapatsidwa ulemu wa Australian of the Year. M'chaka chomwecho boma linakaniza viza katswiri wa nkhonya Floyd Mayweather chifukwa cha mbiri yake yomenya akazi, ndipo linachenjeza woimba Chris Brown kuti likufuna kumukaniza, mpaka ulendo wake unalephereka. Awa anali alendo odzangosangalatsa anthu n'kubwerera, kotero kuwakana kunali kosavuta. Vuto linadza pamene mfundo yomweyo inafika pa amuna amene ali ndi akazi ndi ana m'dzikomo.

Mu February 2019 anayamba kugwira ntchito malangizo a nambala 79, a nduna David Coleman, onena kuti mlandu wochitira nkhanza akazi kapena ana uzionedwa ngati waukulu kwambiri, kaya chilango chake chinali chochepa chotani. Mu April 2021 malangizo a nambala 90, a nduna Alex Hawke, anaika nkhanza za m'banja pakati pa mfundo zikuluzikulu zoyenera kuyesedwa, ndipo anatanthauzira mawuwa motambasula: kuopseza, kulondalonda munthu, kumunyoza mobwerezabwereza, kuwononga katundu wake ndi kumumana ndalama zonse zinalowa m'gulumo. Chodabwitsa ambiri n'chakuti sipafunika kuti khoti lipeze munthu wolakwa; umboni wochokera kumalo odalirika ndi osakondera, monga malipoti apolisi, ungakwanire, bola munthuyo apatsidwe mpata woyankhapo. Malangizo a nambala 99 a mu 2023 anawonjezera kulemera kwa zaka zimene munthu wakhala m'dzikolo, potsatira madandaulo a New Zealand pa nzika zake zobwezedwa, koma nyuzipepala zitaulula kuti ena a milandu yoopsa abwezeredwa maviza, boma linabwerera m'mbuyo ndi malangizo a nambala 110 mu June 2024, oika chitetezo cha anthu patsogolo pa zonse.

Apa ndi pamene pali mkangano umene sunathe. Pa viza ya ukwati, wozunzidwa ndi woitanitsa nthawi zambiri amakhala munthu mmodzi. Mayi amene anaimbira apolisi usiku wina zaka zitatu zapitazo ndiye amene lero wakhala pamaso pa bwalo la apilo, kalata yake ili m'manja, akufotokoza kuti mwamuna wake anasiya mowa, anamaliza maphunziro a amuna ofuna kusintha khalidwe, ndipo ndiye amene amalipira lendi ndi kukatenga ana kusukulu. Wogamula amadziwa kuti ozunzidwa ambiri amateteza owazunza chifukwa cha mantha kapena kusowa podalira, motero samangokhulupirira mawuwo. Koma akawataya onse, ndiye kuti wasankhira mayiyo moyo umene sanaupemphe. Ena ogwira ntchito yothandiza ozunzidwa amadandaulanso kuti mayi amene akudziwa kuti lipoti limodzi la apolisi lingabweze mwamuna wake kwawo angasankhe kukhala chete. M'kuona kwanga, nkhawa imeneyi ndi yolemera kuposa momwe olemba malangizowo anaiyesera.

Woitanitsa naye sakusiyidwa: kuyambira mu November 2016 amayenera kupereka zikalata za apolisi ndi kuvomereza kuti milandu yake ina iululidwe kwa mlendo amene iye akumuitanitsa. Bwalo lomva madandaulo, Administrative Appeals Tribunal, linathetsedwa mu October 2024 ndipo m'malo mwake munalowa Administrative Review Tribunal, koma nduna ikadali ndi mphamvu yofafaniza chigamulo chokomera wopempha ikaona kuti kutero n'kothandiza dziko.