Si una uliwonse wa m'matope wokumbidwa ndi nkhanu

Kuno ku Chipata tinakula tikupisa dzanja m'mauna a nkhanu m'timitsinje ta m'madambo. Ndiye wina akafika kunyanja yamchere, madzi ataphwa, n'kuona matope ali mabowo okhaokha, amangoti, "Nkhanu izi!" Ena ndi a nkhanu ndithu, koma ambiri amakumbidwa ndi kanyama kena, kofewa thupi, kotalika ngati chala, kotchedwa mud shrimp.

Ngakhale dzinalo limasokeretsa. Kanyamaka si shrimp yeniyeni, ndiwo ya m'nyanja imene amagulitsa yowumitsidwa mufiriji. Kale akatswiri ankaika tinyama tonse tokumba totere m'gulu limodzi, Thalassinidea, koma atapima DNA (za m'thupi zosonyeza chibale cha zamoyo) anatigawa pawiri: Gebiidea ndi Axiidea. Mtundu wa mud shrimp wotchedwa Upogebia uli mu Gebiidea, ndipo Upogebia africana imachuluka pamene mitsinje imathira m'nyanja ku South Africa, monga ku Knysna. Asodzi kumeneko amaikumba kuti ikhale nyambo.

Chimene chimandigwira mtima ndi kadyedwe kake. Anthu amati imadya matope, pomwe kwenikweni imasefa madzi. Una wake uli ndi makomo awiri olumikizana pansi ngati chilembo cha U. Iyo imakhala m'katimo n'kumapalasa ndi timiyendo ta kumimba, madzi n'kumalowera khomo lina, kutulukira lina. Ubweya wa pamiyendo yakutsogolo umakola tizakudya, monga sefa imatsalira ndi misere posefa ufa. Madzi odutsawo amafikitsanso mpweya pansi pa matope, pamene pakanangokhala pakuda ndi ponunkha.